Chifukwa chiyani nsomba sizinathe ku Mbenji?

Aliyense amene amagula ndiwo pamsika wa Mangochi, Salima kapena Nkhotakota akudziwa kuti chambo chasanduka ndiwo ya anthu andalama. Asodzi nawo akudandaula kuti amachezera usiku wonse panyanja, n'kubwerako ndi nsomba zosakwana ngakhale kubweza ndalama ya mafuta. Koma panyanja yomweyi pali malo amene asodzi amakhamukirako chaka ndi chaka chifukwa nsomba zikadalipo. Malowo ndi chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Tiyeni tione zimene anthu akumeneko anachita.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu ya derali ndi anthu ake anagwirizana zotseka chilumbachi m'nyengo ya mvula. Mu December asodzi onse amachokapo, ndipo palibe amene amaponya ukonde m'madzi ozungulira Mbenji mpaka mu April, pamene chimatsegulidwa pamwambo wa anthu onse. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Wophwanya malamulo amazengedwa mlandu, amalipitsidwa chindapusa, ndipo ena amathamangitsidwa. Chikatsegulidwa, asodzi amapha utaka wochuluka, ndipo amaona ndi maso awo phindu la miyezi imene anadikira ija.

Kuti timvetse ubwino wotseka nyanja, tione mmene chambo chimaswera. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mwake mpaka ataswa, ndipo ngakhale tiana titayamba kusambira timathawirabe m'kamwa momwemo tikaona choopsa. Utaka nawonso umalera ana m'kamwa. Choncho msodzi amene wagwira nsomba imodzi yotereyi wapha pamodzi ndi ana ake onse. Khoka likamakokedwa pansi limafafaniza zisa ndi kuzula zomera zimene tiana timabisalamo. Neti ya udzudzu, imene inaperekedwa kuti ititeteze ku malungo, ikalowa m'madzi imakokolola kasawala, amene ndi chambo cha mawa. N'chifukwa chake boma nalonso limaletsa makoka panyanja ya Malawi mu November ndi December.

Tsono lamulo la bomalo liripo, nanga bwanji chambo chikusowabe? Yankho tilipeza kunyanja ya Malombe, kumwera kwa Mangochi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanjayi inkatulutsa chambo chochuluka zedi, koma patangopita zaka pafupifupi khumi chinali chitatsala pang'ono kutheratu, makamaka chifukwa cha kuchuluka kwa maukonde a maso ang'onoang'ono monga nkacha. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madooko, amene timawadziwa ndi dzina loti ma BVC, kuti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nyanja, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza dongosolo lotereli. Ganizoli linali labwino, koma chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale. Asodzi ambiri ankaona makomitiwo ngati a boma, osati awo, ndipo m'madooko ena komiti ndi mfumu ankalimbirana mphamvu.

Apa ndi pamene pagona kusiyana. Msodzi mmodzi sangateteze nyanja payekha. Iye akasiya kasawala lero, mnzake n'kumugwira usiku womwewo, woleza mtima uja wangogonetsa ana ake ndi njala popanda phindu. Munthu amalolera kudikira pokhapokha akatsimikiza kuti anzake onse akudikiranso, komanso kuti wakuba adzalangidwa posayang'ana kuti ndi mbale wa ndani. Ku Mbenji lamulo ndi la eni dera, aliyense amalidziwa, ndipo olilondera ndi anthu amene amakhala pomwepo usana ndi usiku. Mlangizi wa boma mmodzi sangafike padooko lililonse.

Tisaganizenso kuti nkhaniyi ndi ya asodzi okha. Nyanja imamwa m'mitsinje. Mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje monga Bua m'nyengo ya mvula kukaswera pamiyala ya m'madzi oyera. Munthu wa kumtunda akadula mitengo m'phiri kapena kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, dothi limakokolokera m'madzi n'kukwirira malo oswera aja. Wothira katupe padziwe amapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Motero mlimi wa ku Dedza amene munda wake uli m'mbali mwa Linthipe ali ndi gawo pa zimene msodzi wa ku Salima adzapeze muukonde wake.

Ife Asilamu tili ochuluka m'mbali mwa nyanja, ndipo ambiri mwa eni maboti ndi ogula nsomba timaswali nawo pamzere umodzi. Tinaphunzira kumadrasa kuti israaf, kutanthauza kuononga mopyola muyeso, ndi yoletsedwa ngakhale pamadzi a wudhu. Nanga zingatheke bwanji kuti munthu asamale madzi a m'ketulo, koma n'kumakokolola tiana tansomba ndi neti ya udzudzu? Nyanjayi ndi amaanah imene Allah watisungitsa, ndipo tikuigwiritsa ntchito limodzi ndi anansi athu a zipembedzo zina, choncho kuisamala kwake n'kwa tonse.

Pali zinthu zimene tingayambe popanda kudikira ndalama za mabungwe. Eni maukonde apite kumisonkhano ya BVC, asankhe anthu okhulupirika, ndipo ndalama za chindapusa ziwerengedwe poyera. Mafumu asalandire thumba la nsomba kuchokera kwa wophwanya lamulo. Amayi ndi abambo ogula nsomba akane kasawala, chifukwa chopanda msika msodzi sachivutikira. Masheikh ndi ma imaam akumbutse anthu tsiku la Jumu'ah nyengo yotseka ikayandikira. Ndipo pokonzekera miyezi imeneyi, mabanja a asodzi asungeko kangachepe nsomba zikamaphedwa zambiri, kuti njala isawakankhire kukaba m'nyanja yawo yomwe.

Tikupempha Allah atipatse rizq la halaal, ndipo ana athu adzaipeze nyanjayi ikadali ndi nsomba. Aamiin.