Kompyuta Ikakana Kuyaka, Musathamangire Kufafaniza

M'makomboni a Maramba, Libuyu ndi Dambwa mu mzinda wa Livingstone, kompyuta siilinso cinthu ca m'maofesi mokha. Aphunzitsi asungamo mayeso a ana, ndipo ogulitsa ziboliboli kwa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya asungamo maina a anthu angongole. Makina otere afikanso ndi kumidzi, kumene ana okhala m'tauni atumiza kwa abale ao.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa cisamaliro ca nthawi zonse ca Windows 10, motero eni makina anayamba kusamukira ku Windows 11. Kusamuka kumeneku sikuyenda bwino masiku onse. Nthawi zina munthu atabanya batani, kompyuta ingoonetsa mdima, kapena timadontho tozungulira kosalekeza.

Cimodzi mwa zifukwa zace ndi magetsi. Posintha, makina acotsa mafailo akale ndi kuika atsopano, nchito yotenga ngakhale maola. Magetsi akathima pakati, kompyuta itsala ngati nyumba yosasulidwa denga mvula ili pafupi. Anthu a mu Livingstone adziwa bwino za kuthima kwa magetsi: m'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, anagona mumdima ngakhale kuti pa mathithi pomwepo pali malo opangira magetsi.

Cofunika kudziwa ndi cakuti kawirikawiri zithunzi ndi makalata zikhala zikadali m'kati. Mwini ayambe wazula fulashi, printa ndi zina zonse zolumikizidwa, ndi kuyesanso. Zikakanika, ayatse makinawo, ndipo cizindikiro ca Windows cikangooneka, awazime pogwira batani kwa kanthawi. Akatero kawiri kapena katatu, kompyuta itsegula yokha malo okonzera ochedwa Automatic Repair. Pamenepo asankhe Advanced options, kenaka Troubleshoot, apitenso pa Advanced options, ndi kusankha Uninstall Updates. Windows yakale isungidwa masiku 10 okha; akapita masikuwo, njira yobwerera itsekeka.

Ngozi yeniyeni ili kwa wokonza wofulumira. Mau akuti "tifomate cabe" ndi okoma kumva cifukwa makina ayaka tsiku lomwelo, koma kufomata ndiko kufafaniza zonse, buku la ngongole pamodzi ndi zithunzi za ukwati. Mwini aumirire kuti wokonzayo ayambe wakopera mafailo pa fulashi kapena pa makina ena, iye alipo ndipo aona ndi maso.

Windows 11 ifuna memori ya 4 GB, malo a 64 GB ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, kamene makina okalamba ambiri alibe. Alipo amisiri odziwa kuikakamiza pa makina otere, koma Microsoft inanena kuti siilonjeza kuwatumizira zokonza.