Magazi Mumkodzo Si Likodzo Lokha

Ku Chileka ndi ku Lirangwe, mwana akakodza magazi makolo amangoti ndi likodzo, poti ana amasamba m'mitsinje. Kawirikawiri amalondola, koma si nthawi zonse. Pali nthenda zina zimene zimatupitsa timitsempha ta magazi, ndipo impso zimavutika nazo msanga, popeza impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni topangidwa ndi timitsempha timeneti.

Timitsemphati tikatupa, timasefa timachucha, ndipo magazi ndi mapuloteni zimatulukira mumkodzo. Magazi a likodzo ndi ofiira, ndipo amadontha pomaliza kukodza. A m'impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse, nuoneka wodera ngati tiyi wopanda mkaka, mwinanso wathovu. Wodwala amadzuka zikope zitatupa, ndipo amakodza pang'ono. Mwa ana zimenezi zingathe kuoneka patapita masabata 1 mpaka 3 chidwalire zilonda za pakhosi, kapena 3 mpaka 6 mphere itachita mafinya.

Kuchipatala amaviika kapepala koyesera mumkodzo, ndipo pa mphindi ziwiri kamaulula magazi ndi mapuloteni osaoneka ndi maso. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Ireland anaonetsanso kuti puloteni yotchedwa CD163 imachuluka mumkodzo mitsempha ya m'impso ikatupa.

Mankhwala a likodzo sachiza impso. Choncho mwana akatupa nkhope, kapena mkodzo ukapanda kuyera atamwa mankhwalawo, makolo ayenera kuthamangira naye kuchipatala cha Chileka kapena cha Lirangwe. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuzengereza kumapha impso.