Kusintha Mapadi a Mabuleki Pakhomo kwa Munthu Wongoyamba

Patchuthi chapitachi tinakumana atatu pansi pa mtengo wa mango kuti tisinthe mapadi a mabuleki a Toyota Vitz ya amalume a mnzathu wina. Palibe mwa ife amene anaphunzirapo umakaniko. Tinatha maola atatu, ndipo titamaliza tinadziona ngati akatswiri. Mnzathuyo analiza injini n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Atayandikira mpanda anaponda buleki, koma chopondera chinangomira mpaka pansi, galimoto ikupitabe. Anaimitsa ndi handibuleki, mpanda wa udzu utagwa kale mbali imodzi. Sitinalakwitse bawuti ngakhale imodzi. Tinangoiwala kanthu kamodzi kosatha ndi mphindi yomwe, ndipo tikatchula tikafika pamalo pake.

Choyamba n'kudziwa zimene zimachitika tikaponda buleki. Phazi limakankha mafuta a mabuleki amene ali m'timapaipi, ndipo mafutawo amakankha pisitoni yomwe ili m'chitsulo chotchedwa caliper. Pisitoniyo imapanikiza mapadi awiri kuti atsine disiki, chimbale chachitsulo chimene chimazungulira limodzi ndi tayala. Kukhulana kumeneku ndi kumene kumaimitsa galimoto, ndiponso ndi komwe kumadya mapadi. Akutsogolo amatha msanga chifukwa galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo. Padi yatsopano imakhala ndi mnofu wochindikala mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ukatsala 3 ndiye kuti nthawi yosintha yakwana. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamayamba kulira mosongoka mnofu ukatsala pang'ono. Limenelo ndi chenjezo chabe. Koma mukamva kukukuta ngati wina akunola chikwanje pamwala, dziwani kuti chitsulo chayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo mwina mugula ndi disiki yomwe.

Pano tikunena za mabuleki akutsogolo okha. Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan, monga Vitz ndi Passo, tili ndi madisiki kutsogolo koma kumbuyo kuli ma drum, omwe m'kati mwake muli masipuling'i ovuta kubwezeretsa. Wongoyamba asayambire kumeneko. N'chimodzimodzi ndi galimoto za handibuleki yamagetsi, yongodina batani: mabuleki ake akumbuyo asiyireni amakaniko.

Popita kokagula, tengani nambala ya chassis, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana mapadi malinga ndi chaka. M'bokosi mumakhala mapadi anayi ndipo onse ayenera kulowa tsiku limodzi. Mukasintha mbali imodzi yokha, galimoto imakokera kumbali poima. Za mtengo, ife timati apa si pochitira umbombo. Padi yotchipa kwambiri imaoneka bwinobwino m'tauni, koma khalidwe lake lenileni limaonekera potsika Thabwa kupita ku Chikwawa kapena pa Khwekhwelere, pamene mabuleki atentha n'kuyamba kufooka. Sankhaninso tsiku loti muli ndi nthawi yokwanira, osati Lachisanu masana diso lili padzuwa.

Mbali yoopsa kwambiri ya ntchitoyi ndi kunyamula galimoto. Iimikeni pamalo athyathyathya ndi olimba, kokani handibuleki, ndipo pingani matayala akumbuyo ndi miyala kapena matabwa. Manati a tayala amasuleni pang'ono galimoto ikadali pansi. Jeke ikhale pamalo amene buku la galimoto likusonyeza, kawirikawiri pamzere wachitsulo wa pansi pa zitseko. Galimoto ikakwera, ikhazikeni pa choimikira chachitsulo chimene amakaniko amati jack stand. Jeke ntchito yake ndi kunyamula basi, ndipo imatha kupendekeka kapena kutsika yokha. Njerwa ndi mabuloko a simenti n'zosadalirika, zimasweka mosachenjeza. Tayala limene mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto, kuti zitavuta galimotoyo igwere pa tayalalo osati pamwendo panu.

Musanamasule chilichonse jambulani chithunzi ndi foni, ndipo malizani mbali imodzi musanakhudze inayo kuti izikhala chitsanzo chanu. Caliper imagwidwa ndi mabawuti awiri kumbuyo kwake, nthawi zambiri a sipanala 12 kapena 14. Mukaichotsa musaisiye ikulendewera pa paipi ya labala imene imabweretsa mafuta. Imangirireni ndi waya pa sipuling'i. Paipiyo ikhoza kuvulala m'kati osaonekera kunja, n'kudzaphulika tsiku lina muli pa liwiro. Mapadi akale amangosololoka. Ayang'aneni bwino musanawataye, chifukwa amanena zambiri: ngati imodzi yatha kwambiri kuposa inzake, timitengo tachitsulo timene caliper imatsetserekapo tauma, ndipo tiyenera kutsukidwa ndi kupakidwa girisi wa mabuleki. Girisi wamba amatupitsa labala. Disiki nayo ili ndi malire ake, ndipo nambala ya kuchindikala kochepetsetsa inadindidwa pa disiki pomwepo. Ikakhala ndi mizere yakuya kapena ming'alu, mapadi atsopano okha sathandiza. Fumbi lakuda lija musaliuzire ndi pakamwa, chifukwa mapadi ena akale kapena osadziwika kochokera amakhala ndi asbestos, yemwe amawononga mapapo. Lipukuteni ndi kansanza konyowa.

Tsopano pisitoni. Mapadi akamatha, pisitoni imatuluka pang'onopang'ono kuwatsatira, choncho atsopano, pokhala ochindikala, sangalowe mpaka itabwezedwa m'kati. Tsegulani boneti, masulani chivundikiro cha kathanki ka mafuta a mabuleki, ikani padi yakale pa pisitoni, ndipo ipanikizeni mwapang'onopang'ono ndi G-clamp. Mafuta m'kathanki aja amakwera, ndiye wina aziwayang'anira kuti asasefukire, chifukwa amadya penti. Mukaona kuti labala wozungulira pisitoni wang'ambika kapena pali ponyowa ndi mafuta, lekerani pomwepo muitane makaniko. Ngati zonse zili bwino, lowetsani mapadi atsopano monga mmene chithunzi chikusonyezera, kumbali ya mnofu kusakhudzidwe ndi girisi ngakhale pang'ono. Bwezerani caliper, mangani mabawuti, ikani tayala, ndipo galimoto ikatsika limbitsani manati modumphadumpha, osati motsatana.

Apa ndi pamene ife tinagwetsera mpanda. Pisitoni ija mwaibwezera m'kati, ndipo tsopano pali mpata pakati pa iyo ndi mapadi. Mukaponda buleki koyamba, mphamvu yonse imathera kutseka mpatawo ndipo galimoto siima. Choncho musanalize injini, pondani buleki kangapo, mofatsa, mpaka chopondera chitalimba pansi pa phazi. Kenako onani mlingo wa mafuta m'kathanki ndi kutseka chivundikiro. Ngati pakufunika kuwonjezera, thirani mtundu umene walembedwa pachivundikiropo, DOT 3 kapena DOT 4, wochokera m'botolo losatsegulidwa kale, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi. Chopondera chikakhalabe chofewa ngati siponji mutaponda kambirimbiri, mwina mwalowa mpweya kapena penapake pakudontha. Galimoto yotero isatuluke pageti.

Kuyesa koyamba kuchitikire pabwalo, pa liwiro la munthu woyenda pansi, kutsogolo kulibe ana. Mukatero pitani pamsewu wopanda anthu ambiri, fikani pa makilomita 50 pa ola, chepetsani liwiro mwamphamvu pang'ono koma osaimiratu, ndipo bwerezani kangapo kuti mapadi azolowerane ndi disiki. Pa makilomita 200 oyambirira pewani kuponda mabuleki mwadzidzidzi ngati palibe chifukwa, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yesaninso manati a matayala onse awiri ndi sipanala.