Mbale imodzi ya paukwati sinenepetsa munthu

Loweruka lililonse m'nyengo ya maukwati, kaya ndi ku Balaka, Mponela kapena Luchenza, imafika nthawi imene zovina ndi pelekanipelekani zimayamba zaima, ndipo atsikana amazungulira m'holo ndi timabokosi ta chakudya. M'katimo mumakhala mpunga, ntchafu ya nkhuku yokazinga, tchipisi ndi kachidutswa ka keke. Pambali pamabwera botolo la zoziziritsa kukhosi.

Pakati pa oitanidwa sipalephera kukhala mayi amene kuchipatala adamuuza kuti achepetse thupi chifukwa magazi ake akuthamanga. Watha masabata atatu akumwa tiyi wopanda shuga ndi kudya mtanda umodzi wa nsima ya mgaiwa m'malo mwa itatu. Tsopano kabokosi kali pamiyendo pake. Akakana, abale anena kuti wayamba matama. Akadya, mtima umugunda ngati wapalamula mlandu.

Ambiri amadya ndithu, ndipo nkhani imakula akatuluka m'holomo. Pobwerera kunyumba amaganiza kuti zonse zawonongeka kale, ndiye palibenso chifukwa chodzimana. Madzulo omwewo amaima pa kanyenya, Lamulungu amafisula ndi mandasi, uku akudzilonjeza kuti ayambiranso Lolemba. Lolembalo nthawi zina limafika patatha miyezi.

Akatswiri amene akhala akufufuza za kadyedwe ka anthu akuti chimene chimagwetsa munthu wotere si mbale ya paukwatiyo ayi, koma zimene amadziuza akamaliza kudya.

Nkhondo ya mbali ziwiri

Anthu amene akulimbana ndi thupi akuchulukirachulukira m'dziko muno. Kafukufuku wa bungwe la National Statistical Office wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Kafukufuku wina amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO adasonyeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Koma kuchepetsa thupi kuno kwathu si nkhani yapafupi. Mwana wamkazi akabwera kumudzi atanenepa, azakhali amayamikira kuti bambo akunyumba akumusamala bwino. Bambo wamimba amatchedwa bwana. Komanso m'zaka zimene Edzi idavuta kwambiri, munthu akangoonda anthu ankanong'onezana, ndipo mantha amenewo sadatheretu.

Choncho wochepetsa thupi amamenya nkhondo ya mbali ziwiri. Kunja kuli achibale amene amaona ngati kukana chakudya ndi chipongwe. M'kati muli malamulo okhwima amene iye mwini adadziikira: osakhudzanso mandasi, osayandikiranso chiwaya, osalawanso keke mpaka kalekale.

"Ndaswa kale lamulo"

Malamulo otere ali ndi msampha wake. Mu 1975, Peter Herman ndi Deborah Mack adachita kafukufuku pakati pa atsikana a payunivesite ya Northwestern ku America. Ena adawapatsa chakumwa cha mkaka chotsekemera kwambiri, ena sadawapatse kanthu. Kenaka onse adawaikira ayisikirimu kuti alawe mmene angafunire.

Atsikana amene sankadzimana chakudya adachita zimene aliyense angayembekezere: atamwa mkaka uja adakhuta, ndipo adadya ayisikirimu wochepa. Koma amene ankadzimana pofuna kuchepetsa thupi adachita zosiyana. Atamwa mkakawo adadya ayisikirimu wambiri kuposa anzawo odzimana amene sadamwe kanthu.

Herman ndi mnzake Janet Polivy, amene adapitiriza ntchitoyi payunivesite ya Toronto ku Canada, adafotokoza kuti munthu wa malamulo okhwima amaona tsiku lake m'njira ziwiri zokha: labwino kapena lowonongeka. Likawonongeka, malire onse amagwa. Zili ngati munthu amene wagwetsa dzira limodzi pochokera kumsika, n'kuganiza zoswa thireyi yonse.

Chonsecho masamu akusonyeza kuti dzira losweka ndi limodzi basi. Mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi amaiyeza m'makalori, ndipo munthu wamkulu amafuna makalori pakati pa 2,000 ndi 2,500 patsiku. Kuti thupi lisunge kilogalamu imodzi ya mafuta pamafunika makalori oonjezera pafupifupi 7,700. Chimenechi ndi chakudya cha masiku atatu athunthu, pamwamba pa chimene munthu amadya kale. Kabokosi ka paukwati sikangafike pamenepo.

Nanga bwanji sikelo imakwera m'mawa mwake? Chakudya cha mchere wambiri komanso chokhutitsa monga mpunga chimachititsa thupi kusunga madzi, ndipo china chimakhala chidakali m'mimba. Pakapita masiku awiri kapena atatu munthu akudya monga mwa nthawi zonse, sikelo imabwerera pamalo pake.

Kudziimba mlandu sikuthandiza

Ambiri amakhulupirira kuti kudzidzudzula kwambiri ndiko kumamuwongola munthu. Ofufuza adapeza zina.

Ku New Zealand, Roeline Kuijer ndi Jessica Boyce adafunsa anthu chimene chimawabwerera m'maganizo akamva za keke ya chokoleti: chikondwerero kapena kudziimba mlandu. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2014, zidaonetsa kuti amene ankaiona keke ngati mlandu sankadya bwino kuposa anzawo, ndipo patatha chaka ndi theka ndiwo adavutika kwambiri kusunga thupi pamuyeso umodzi.

Ku America, Claire Adams ndi Mark Leary mu 2007 adapatsa atsikana madonasi kuti adye. Ena mwa iwo adauzidwa mawu owakhazika mtima pansi, kuti aliyense amadya zotere nthawi zina ndipo palibe chifukwa chodzizunzira. Atawaikira maswiti pambuyo pake, atsikana odzimana amene adamva mawuwo adadya ochepa kuposa anzawo amene sadauzidwe kanthu.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Chimene chadyedwa chadyedwa. Chofunika ndi chakudya chotsatira.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Izi sizikutanthauza kuti chiwaya chasanduka mankhwala. Pali bodza lina limene ochepetsa thupi amadzinamiza nalo, lotchula kuti "mwa apo ndi apo" chinthu chimene amachita tsiku lililonse.

Wogulitsa m'golosale amene amagula mandasi awiri m'mawa uliwonse, tchipisi masana ndi botolo la zoziziritsa kukhosi poweruka, akafunsidwa amanena kuti zoterezi amangolawa. Zimene zimadyedwa choimirira, m'minibasi kapena pa depoti, kawirikawiri siziwerengedwa ngati chakudya. Koma thupi limawerenga.

Botolo la mamililita 300 la chakumwa chotsekemera lingathe kukhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 8. Womwa botolo limodzi patsiku, pakutha pa chaka amakhala atamwa mapaketi 11 a shuga a kilogalamu imodziimodzi. Malangizo amene WHO idatulutsa mu 2015 amati shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire masupuni a tiyi pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri akakhala 6.

Mafuta nawo amabisala. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. N'chifukwa chake mbatata ya kachewere yophika ndi yosiyana kwambiri ndi mbatata yomweyo ikasambira m'chiwaya.

Ena amadya ngati malipiro: ayenda wapansi kuchokera kumsika, ndiye ayenera kudzithokoza. Koma kuyenda ndawala kwa theka la ola kumangotentha mphamvu yofanana ndi ya botolo limodzi lija. Kuyenda n'kwabwino ku mtima ndi ku magazi, koma sikufafaniza chilichonse chimene munthu wadya.

Kukonzeratu

Pakati pa kudzimana kotheratu ndi kudzilekerera pali njira yachitatu, yokonzeratu tsiku lodya zapamtima.

Mu 2016, Rita Coelho do Vale, Rik Pieters ndi Marcel Zeelenberg adafalitsa zimene adapeza atagawa anthu ofuna kuchepetsa thupi m'magulu awiri. Gulu lina linkadya makalori 1,500 tsiku lililonse. Lina linkadya 1,300 kwa masiku 6, ndipo tsiku la 7 linkaloledwa kufika 2,700. Pa sabata yonse magulu awiriwa ankadya mofanana, ndipo onse adatsika thupi. Kusiyana kudali kwakuti a gulu lachiwiri anali osangalala ndiponso ofunitsitsa kupitiriza.

Chinsinsi chake n'chakuti chakudya chokonzeratu sichimveka ngati kugwa. Kalata ya ukwati imafika kudakali milungu ingapo, Khrisimasi imadziwika tsiku lake, malipiro amabwera kumapeto kwa mwezi. Munthu angathe kusankhiratu kuti pa masiku amenewa adzadya nkhuku yokazinga ndi mtima umodzi, ndipo masiku ena onse mbale yake idzakhala ya nsima yapakatikati, nyemba kapena usipa, nkhwani kapena bonongwe wambiri, ndi chipatso cha nyengoyo.

Kupita ku phwando ndi njala ya dala, poti malo asungidwe, kumangochititsa munthu kudya mosaona malire. Kugona ndi njala tsiku lotsatira ngati chilango nakonso kumabweretsa njala ina yoopsa madzulo. Chothandiza ndi kusankha chimodzi chimene mtima ukufunadi, keke kapena chakumwa, n'kuchidya pang'onopang'ono atakhala pansi.

A pabanja nawo ali ndi gawo lawo. Mwamuna amene amabwera ndi tchipisi usiku uliwonse, kapena apongozi amene amakakamiza mtanda wachitatu, amalemetsa katundu wa munthu amene akuyesetsa. Mlendo akanena kuti wakhuta, kumumvera ndi ulemunso.

Odwala shuga asamale

Pali anthu amene nkhaniyi siyiwakhudza mofanana ndi ena. Kwa wodwala matenda a shuga, botolo limodzi la chakumwa chotsekemera limakweza shuga m'magazi nthawi yomweyo. Ndipo amene amabaya jakisoni wa insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, akadumpha chakudya pofuna kubweza zimene adadya dzulo, shuga angathe kutsika kwambiri mpaka kukomoka.

Wa vuto la kuthamanga kwa magazi ayenera kukumbukira mchere wa pa kanyenya ndi tchipisi. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi. Anthu amenewa, pamodzi ndi amayi oyembekezera, ndi bwino akambirane ndi achipatala za mmene angadyere pa zikondwerero.

Tsono mayi wa m'holo uja angathe kutsegula kabokosi kake popanda mantha. Angathe kudya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku, kukulunga keke kuti akagawire ana, n'kudzukanso kukavina. Mayeso ake enieni ali Lamulungu m'mawa, pamene ketulo yawira ndipo chitini cha shuga chili patebulo.