Mwabweza Ngongole Koma Dzina Lanu Lidakali ku CRB: Zoyenera Kuchita

Mlimi wa mpunga ku Hara kapena ku Lufilya, kuno ku Karonga, akatenga ngongole ya feteleza, madzi osefukira n'kumukokolera mbewu, ngongoleyo imatsala. Miyezi imapita, makalata amabwera, mpaka wokongozayo n'kupereka nkhaniyo kwa otolera ngongole. Chaka chinacho mlimi uja akolola mpunga wa Kilombero, agulitsa, abweza zonse. Koma akapita kukapempha ngongole ina, amamuuza kuti dzina lake lili ku CRB. Zomwezi zimagwera amayi opikula katundu ku Songwe ndi asodzi a ku Chilumba ofuna kugula injini ya boti. Ambiri amangobwerera kunyumba, osadziwa kuti lamulo likuwalola kufunsa ndi kutsutsa.

CRB ndi kampani yosunga mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole. Makampaniwa amagwira ntchito potsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la mu 2010, lomwe lidakonzedwanso mu 2016. M'Malawi muno odziwika ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama omwe ali ndi chiphaso amatumiza kumeneko dzina lanu, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama zomwe mudatenga, zomwe zatsala, komanso ngati mudachedwapo kubweza. Za banki m'khonde ya m'mudzi ndi za katapila sizifika kumeneko.

Sikuti CRB imalemba oipa okha. Wobweza bwino nayenso amalembedwa, ndipo mbiri yakeyo imamugwirira ntchito ngati chikole. Kuchokera pa mbiriyi amawerengera malikisi osonyeza ngati munthu ndi wodalirika. CRB siyivomera kapena kukana ngongole. Wogamula ndi wokongoza, atawerenga lipoti lanu.

Apa ndiye pomwe ambiri amasokonekera. Kubweza kumathetsa ngongole, koma sikufufuta mbiri tsiku lomwelo. Ngati mudakhala miyezi osapereka mpaka nkhani kufika kwa otolera ngongole, lipoti lipitiriza kusonyeza zimenezo kwa zaka zingapo. Choyenera kusintha ndi chakuti ngongoleyo ilembedwe kuti idabwezedwa ndipo palibe chotsala. Kusiyana kwake n'kwakukulu: wokongoza akaona ngongole yakale yolipidwa, n'kuonanso kuti kuyambira pamenepo mwakhala mukubweza pa nthawi yake, akhoza kukukhulupirirani. Akaona yosalipidwa, kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Malikisi amakwera pang'onopang'ono, malinga ndi momwe mukubwezera ngongole zatsopano.

Choncho tsiku lomwe mwamaliza kulipira musachoke ndi lisiti lokha. Pemphani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza, yokhala ndi chidindo, tsiku, ndi nambala ya ngongoleyo. Ngati mudalipira kudzera kwa otolera ngongole, kalatayo ichokere kwa mwini ndalama, chifukwa iyeyo ndiye amatumiza uthenga ku CRB. Ngati adakukhululukirani mbali ya chiwongoladzanja, zimenezonso zilembedwe. Timalisiti ta m'makina a ku banki timafufutika msanga ndi kutentha kwa ku Karonga kuno, mpaka kutsala kapepala koyera, ndiye tipangitseni fotokope kapena mutijambule pa foni tidakaoneka. Uthenga wa pa foni wotsimikiza kuti ndalama zapita musaufufute.

Pakapita mwezi kapena iwiri, pemphani lipoti lanu ku CRB. Ndi ufulu wanu kuona zomwe zidalembedwa pa dzina lanu, ndipo ndi bwino kufunsa ku makampani onse awiri chifukwa zolemba zawo zikhoza kusiyana. Werengani mzere uliwonse. Kuno mabanja ambiri ali ndi mayina ofanana, choncho onetsetsani kuti nambala ya chiphaso cha unzika ndi tsiku lobadwa ndi zanudi. Onaninso ngati ngongole imodzi siidalembedwe kawiri, ngati ndalama zotsala zili zolondola, komanso ngati ngongole ya gulu siyikuoneka ngati mudatenga nokha.

Mukapeza cholakwika, lembani kalata ku CRB yotchula dzina la wokongoza, nambala ya ngongole ndi chomwe chalakwika. Phatikizani fotokope ya chiphaso chanu, malisiti ndi kalata yomalizira ija, koma mapepala enieniwo asachoke m'manja mwanu. Kalata yofanana mupereke kwa manijala wa nthambi yomwe idakukongozani, ndipo akudindireni pa kope lanu kuti alandira. CRB imafunsa wokongozayo, ndipo zikatsimikizika kuti padalakwika, mbiri iyenera kukonzedwa. Mukatero pemphaninso lipoti kuti muone ndi maso anu kuti zasinthadi.

Ngati akungokuzengerezani kapena yankho lawo silikukukhutiritsani, tengerani dandaulo lanu kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank. Bankiyi ili ndi nthambi ku Mzuzu, ndipo dandaulo limayenda bwino mukasonyeza kuti mudayamba mwadandaula kwa wokongozayo ndi makalata omwe adakuyankhani.

Chomwe mungatsutse ndi cholakwika chokha. Ngati mudachedwadi kubweza, palibe kalata yomwe ingasinthe zimenezo, ndipo munthu wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akufufutireni dzina ku CRB ndi wakuba. Njira yake ndi kubweza pa nthawi, ngakhale ngongoleyo ikhale yaing'ono. Mukaona kuti mbewu zakanika kapena malonda avuta, kaonaneni ndi wokongozayo msanga kuti mugwirizane kabwezedwe kena nkhani isanafike kwa otolera ngongole.

Inu amene mudabwezapo ngongole mochedwa, musadikire tsiku lofuna ina kuti mudziwe zomwe zidalembedwa pa dzina lanu. Funani kalata yanu yomalizira, pemphani lipoti lanu nyengo yolima isanafike, ndipo muuzenso anzanu a m'gulu kuti achite chimodzimodzi.