Utawaleza ndi Mafunso a Mwana

Lero ndikufuna tikambe za utawaleza. Inde, utawaleza womwewu. Mvula ikagwa madzulo, dzuwa n'kutulukanso, mumva ana akukuwa pabwalo, kudumphadumpha, kuloza kumwamba. Ife akuluakulu timangoponyako diso kamodzi, maganizo ali pa feteleza ndi fizi ya kusukulu. Mwana akabwera ndi funso timamuyankha kuti, "Iwe, usandisokose, kasewere uko." Abale anga, mafunso amene timawathamangitsawa ali ndi mayankho, ndipo mayankho ake ndi okoma.

Mwana amafunsa kuti mitundu imeneyi yachokera kuti, wapenta ndani? Tamverani. Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yambiri yosakanikirana. Kukalowa m'dontho la mvula kumapindika, kumakagunda kumbuyo kwa dontholo, n'kubwerera. Potuluka, mtundu uliwonse umakhala utapindika mosiyana pang'ono ndi unzake, ndiye imayalana: wofiira pamwamba, wapepo pansi, ina pakati. Isaac Newton wa ku England anaonetsa zimenezi ndi kagalasi ka ngodya zitatu m'zaka za m'ma 1660, ndipo ndi iyeyo amene anawerenga kuti mitunduyo ilipo 7. Kunena zoona palibe mzere wolekanitsa, mtundu wina umangolowa mwa unzake. Mwana wanu akawerenga isanu, musamukalipire.

Wina amati, "Ababa, tiyeni tikaugwire, wathera paphiri paja." Amathamanga, utawaleza nawo n'kumasuntha. Chifukwa chake n'chakuti utawaleza suli pamalo amodzi ngati mtengo kapena nyumba. Umaoneka pamene dzuwa lili kumbuyo kwanu, mvula ili kutsogolo kwanu, ndipo kuwala kukubwerera m'diso lanu pa ngodya ya madigiri pafupifupi 42. Mukasuntha, ndi madontho ena amene ayamba kukutumizirani kuwala. Ndiye kuti anthu awiri oima moyandikana sakuona utawaleza umodzi ndendende. Mwana akati "uwu ndi wanga," wanena zoona! Ndikuti wanena zoona, Aleluya. N'chifukwa chakenso m'mawa umaoneka kumadzulo, madzulo umaoneka kum'mawa, ndipo masana dzuwa lili paliwombo simungauone mutaima pansi. Ena amati utawaleza umaletsa mvula. Ayi, suletsa. Kungoti umaoneka mitambo ikang'ambika, ndipo kawirikawiri imeneyo ndi nthawi imene mvula ikudutsa kale.

Tsiku lina mudzayang'anitsitse, mudzaona wina wachiwiri pamwamba pa woyambawo, wosawala kwambiri, mitundu yake itatembenuka, wofiira uli pansi. Kumeneko kuwala kwagunda kawiri m'kati mwa dontho. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, pa Zambezi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, utawaleza umaoneka ngakhale usiku mwezi ukakhala wathunthu, m'nthunzi ya madzi akugwawo.

Tsopano mvetserani dzina lake. Makolo athu anati uta wa Leza, kutanthauza uta wa Mulungu, ndipo ambiri amafotokoza kuti dzina loti Chauta nalonso likuchokera ku uta womwewu. Mu Genesis 9, liwu la Chihebri limene lagwiritsidwa ntchito ndi lomwe limatchula uta wa mlenje ndi wa msilikali. Chigumula chitatha, Mulungu anaika uta wake m'mitambo kuti ukhale chizindikiro cha pangano ndi Nowa, ana ake, ndi zamoyo zonse. Uta wopanda muvi, ndipo sukuloza pansi pano. Ndime 16 ikutiuza kuti Mulungu mwini amauyang'ana n'kukumbukira panganolo. Ndiye mwana wanu akaimirira kukamwa kuli yasaa, maso ali kumwamba, akuyang'ana chinthu chimene Mulungunso akuchiyang'ana. Inu ndi amene mwaweramira pafoni.

Ezekieli anauona m'masomphenya, pa 1:28. Yohane pa Chivumbulutso 4:3 anauona utazungulira mpando wachifumu. Kuzungulira, abale. Ndipo utawaleza ndi wozunguliradi, kungoti nthaka imatibisira theka lake. Amene ali mu ndege nthawi zina amauona wathunthu ngati mkombero.

Pa Mateyu 18 ophunzira anafunsa za wamkulu mu ufumu wakumwamba, Yesu n'kuitana kamwana, kukaimika pakati pawo. Timakonda kulalikira ndimeyi ponena za kudzichepetsa, ndipo n'zoona. Koma taonani mmene kudzichepetsa kwa mwana kumaonekera: sachita manyazi kunena kuti sakudziwa, amafunsa, amadabwa. Munthu wamkulu amaopa kuoneka mbuli, ndiye amangoti "zimenezo timazidziwa kale." Mwana amene mwamutseka pakamwa pa za utawaleza ali ndi zaka zisanu, sadzabwera kwa inu ndi funso lolemera ali ndi zaka 15. Adzakafunsa kwina.

Ndipo mafunso olemerawo alipo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba za ku Chilobwe zinakwiririka, ndipo anthu ambirimbiri anatisiya m'maboma a kum'mwera. Mwana amene anaona zimenezo angathe kufunsa kuti, "Amayi, si paja Mulungu analonjeza kuti madzi sadzaononganso?" Musamumenye, musamuuze kuti ndi funso la Satana. Mutsegulireni Baibulo muwerenge naye bwinobwino. Lonjezo likunena kuti chigumula sichidzafafanizanso zamoyo zonse. Silikunena kuti mtsinje sudzasefukira, kapena kuti sitidzalira maliro. Yankho limeneli silichotsa ululu wonse, ndipo ngati misozi ibwera, lirani naye.

Kwa ang'onoang'ono amene akungofuna kuuona, simuyenera kudikira mvula. Mawa m'mawa, dzuwa lisanakwere kwambiri, tulukani nawo panja, aime atafulatira dzuwa. Amwere madzi osameza, awapemerere m'mwamba mwamphamvu kuti atuluke ngati nkhungu. Ngati kumbuyo kwake kuli mthunzi wa mtengo kapena khoma lakuda, mitundu ija ioneka bwino kwambiri. Zovala zinyowa, amayi musakwiye.