Galimoto Ikaphwanyika: Kulipira Wekha Kapena Kupita ku Inshuwalansi? (Gawo Lachiwiri)

Mphunzitsi wokhala ku Chinyonga, pofulumira m'mawa kukalowa mumsewu wa Masauko Chipembere, akhoza kugunda chipata cha mpanda wake ndi kuswa nyali ya galimoto. Pomwepo amagwira njakata: kodi atulutse ndalama za m'thumba kupita nazo kwa makaniko ku Limbe, kapena akadziwitse kampani ya inshuwalansi?

Choyamba ayenera kudziwa mtundu wa pangano lake. Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala ndi inshuwalansi ya third party, imene imalipira anthu ena ovulazidwa. Imeneyi siikonza galimoto ya mwini wake. Yokonza galimoto ya mwini ndi ya comprehensive, ndipo mtengo wake ngwokwera.

Ngakhale ali ndi comprehensive, pali zinthu ziwiri zoti aziwerengere mofatsa. China ndi excess, ndiyo ndalama yoyamba imene mwini amalipira yekha kampani isanaikepo yake. Chinzake ndi mphotho ya woyendetsa bwino: amene watha chaka osapempha chipukuta misozi amachotseredwa mtengo chaka chotsatira, koma akapempha, mphothoyo imachepa kapena kutha kumene. Mwachitsanzo, ngati kukonza nyali kufuna K200,000 ndipo excess ndi K150,000, kampani ingopereka K50,000. Mphunzitsi uja akataya mphotho ya zaka zingapo chifukwa cha ndalama yochepa chotere, waluza. Kuwonongeka kwakung'ono, kokhudza galimoto yake yokha, nkwabwino kudzilipirira.

Nkhani imasintha ngoziyo ikakhudza munthu wina. Ambiri amagwirizana pamsewu pomwepo, kupatsana ndalama ndi kubalalika, poopa kuchedwa kupolisi. Koma wogundidwa amene anati sakumva kuwawa akhoza kugonekedwa kuchipatala cha Queen Elizabeth patapita masiku, ndipo abale ake adzafuna chipukuta misozi. Pamenepo kampani ikhoza kukana kulipira chifukwa sinadziwitsidwe m'nthawi yoikika m'pangano, ndiponso palibe lipoti la apolisi. Ngongole yotere imagulitsitsa galimoto, mwinanso nyumba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nchifukwa chake ngozi yokhudza munthu wina iyenera kufika kupolisi ndi kukampani tsiku lomwelo.

Palinso nkhani ya mtengo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zitsulo za galimoto, zimene zimachokera kunja, zinakwera mtengo. Kampani siilipira kupyola mtengo wolembedwa m'pangano. Wanzeru amakonzetsa mtengowo chaka ndi chaka, ngozi isanagwe. Amene akuona kuti kampani yamulakwira ali ndi ufulu wokadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi.

Gawo lachitatu lidzafotokoza makalata ofunika popempha chipukuta misozi.